Bwalo la ku Sumner, pamene nkhalamba idaloza chala

Sumner ndi katauni kochepa zedi, koti woyenda pagalimoto akangocheukira kumbali amapeza wakadutsa kale. Kali m'chigawo cha Mississippi, kummwera kwa United States, m'chidikha chachonde chotchedwa Delta, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Clarksdale. Anthu ake ndi pafupifupi 300. Mukapatuka pamsewu waukulu n'kuwoloka kamtsinje kamadzi odikha ka Cassidy Bayou, mumangotulukira pabwalo. Pakati pake pali chinyumba chanjerwa chosanja, cha nsanja yaitali pangodya, ndipo misewu inayi yachizinga ngati mpanda. M'mbali mwa misewuyo mwandanda timasitolo ndi timaofesi, tina totseka kalekale. Chinyumbacho ndi khoti la boma la Tallahatchie, ndipo chidamangidwa mu 1910, choyamba chitapsa ndi moto.

Mabwalo otere ali mbwee ku America. Dzikolo lidagawidwa m'maboma ang'onoang'ono oposa 3,000, amene eni ake amawatcha county, ndipo lililonse lili ndi likulu lake. Pokhazikitsa boma latsopano m'zaka za m'ma 1800, akuluakulu ankafuna malo apakati, oti mlimi wa kumalire anyamuke pangolo mbandakucha, akakhome msonkho kapena akalembetse munda, n'kubwerako lisanalowe. Akapeza malowo ankapima bwalo, khoti pakati, kenaka n'kugulitsa mapuloti ozungulira, ndipo kawirikawiri ndalama za mapulotiwo ndizo zinkamangira khotilo. Maloya ankatsegula maofesi moyang'anana ndi khomo la khoti, amalonda n'kutsatira maloyawo, ndipo tsiku la milandu linkasanduka tsiku la msika. Ukwati, imfa, ngongole, malire a munda, zonse zinkathera m'mabuku a m'nyumba imeneyi. Kummwera, ukapolo usanathe, pamakwerero a makhoti ambiri ndi pamene ankagulitsirapo anthu pofuna kubweza ngongole ya mbuye wawo kapena kugawa chuma chamasiye.

Boma la Tallahatchie lidakhazikitsidwa mu 1833 pamalo amene adali a mtundu wa Choctaw, amene adawataya pa pangano la Dancing Rabbit Creek mu 1830, ambiri n'kusamutsidwira kumadzulo. Dzina lokha ndilo lidatsala, pakuti Tallahatchie ndi mawu a chinenero chawo. Mtsinje wa dzina limeneli umadula bomali pakati, kummawa zitunda, kuzambwe chidikha, ndipo ukasefukira anthu a kuchidikha ankalephera kufika ku likulu la ku Charleston. N'chifukwa chake mu 1902 adaligawa pawiri, Sumner n'kukhala likulu lachiwiri. Nthawi imeneyo nkhalango ndi madambo a m'Delta zinali zikugwetsedwa ndi kuumitsidwa, njanji itafika, ndipo thonje linali ndalama. Olima thonjelo anali anthu akuda, ana ndi adzukulu a akapolo, amene tsopano anali matenanti. Mwini munda ankawakongoza mbewu, chakudya ndi nyumba, pokolola n'kuwerengera yekha, ndipo mabanja ambiri chaka chinkatha ali m'ngongole yomweyo.

Mlendo asanakwere makwerero a khoti amayamba wakumana ndi chiboliboli cha msilikali chili pamwamba pa chipilala. Adachiimika mu 1913 amayi a bungwe la United Daughters of the Confederacy pokumbukira asilikali a Kummwera pankhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, amene ankamenyera kuti ukapolo usathe. Ziboliboli zonga ichi zidadzalidwa pamabwalo a makhoti mazanamazana m'zaka zomwezo, ndipo zaka zake ndizo zofunika kuziona. Mu 1890 Mississippi idalemba malamulo atsopano oyendetsera chigawo, amene ankati wofuna kuvota ayambe wakhoma msonkho wapadera, ndiponso awerenge kapena amasulire ndime ya malamulowo mokhutiritsa kalaliki. Kalalikiyo anali mzungu, ndipo ankakhala m'nyumba yomweyi ya khoti. Munthu wakuda, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi mbusa, ankalephera mayesowo nthawi zonse. Pofika 1955, m'boma la Tallahatchie, mmene anthu akuda anali ochuluka kuposa azungu, munalibe wakuda ndi mmodzi yemwe m'kaundula wa ovota. Tsono anthu wamba 12 amene amagamula mlandu kumeneko, gulu lotchedwa jury, ankasankhidwa mwa amuna ovota. Wopanda voti analibenso mpando pabwalo. Khoti lidamangidwa pakati kuti aliyense alifikire, koma unyinji wa anthu a m'bomalo unkalowamo ngati wozengedwa mlandu basi.

Chaka cha 1955 chinali choipa ku Mississippi. Mu Meyi 1954 khoti lalikulu la dziko lidagamula kuti kupatula ana asukulu potengera khungu n'kosaloledwa, ndipo azungu a m'Delta adayankha pokhazikitsa bungwe la Citizens' Council ku Indianola miyezi iwiri pambuyo pake. Mu Meyi 1955 mbusa George Lee, amene ankalimbikitsa anthu kulembetsa voti, adawomberedwa ku Belzoni. Pa 13 Ogasiti bambo Lamar Smith adawomberedwa masanasana pakapinga wa khoti la ku Brookhaven, anthu akuona, ndipo palibe adaimbidwa mlandu mpaka kumapeto. Patangotha sabata imodzi, mnyamata wa zaka 14 wa ku Chicago, Emmett Till, adakwera sitima kupita kutchuthi kwa achibale ku Money, m'boma loyandikana la Leflore.

Mayi ake, a Mamie, adabadwira pafupi ndi Webb, kamudzi ka makilomita ochepa kuchokera ku Sumner, ndipo makolo awo adawatengera kumpoto ali aang'ono, monga adachitira anthu akuda mamiliyoni pothawa thonje ndi chingwe. Ankakudziwa kwawo, ndipo adamulangiza mwanayo za kakhalidwe pamaso pa azungu. Emmett adakafikira kwa bambo Moses Wright, amuna a mchemwali wa agogo ake aakazi, mlimi wa thonje ndi mlaliki wa zaka 64. Madzulo a pa 24 Ogasiti anyamata adapita kukagula maswiti pagolosale ya Roy Bryant, mmene munali mkazi wake Carolyn. Asuweni a Emmett amene adali naye, Simeon Wright ndi Wheeler Parker, adanena moyo wawo wonse kuti chimene adaona n'chakuti Emmett adaimbira mayiyo likhweru panja pa sitoloyo. Usiku wa pa 28 Ogasiti, tambala asanalire, Bryant ndi mbale wake J. W. Milam adafika kwa a Wright ndi mfuti ndi tochi. Adamudzutsa mwanayo pabedi. Akazi a bambo Wright adachonderera, nalonjeza ndalama, koma sizidamveke, ndipo mwanayo adamutenga. Pa 31 Ogasiti mtembo udaoneka mumtsinje wa Tallahatchie, utamangiriridwa ndi waya waminga m'khosi ku chifani chachitsulo cha makina a thonje, cholemera makilogalamu oposa 30.

Mkulu wa apolisi wa m'boma la Tallahatchie, Clarence Strider, adalamula kuti mtembowo uikidwe tsiku lomwelo. Mayi Mamie adakana ali ku Chicago, nauitanitsa, ndipo atauona adalamula kuti bokosi likhale lotsekula kuti dziko lonse lione chimene iwo adaona. Anthu zikwizikwi adandanda ku tchalitchi cha Roberts Temple, ndipo magazini ya Jet idasindikiza zithunzi za nkhopeyo. Poti mtembo udavuulidwa kumbali ya Tallahatchie, mlandu wakupha udagwera Sumner.

Udayamba Lolemba pa 19 Seputembala m'chipinda cha pamwamba, kunja kukutentha koopsa. Maloya onse asanu a m'tauniyi adaimira ozengedwa mlandu, ndipo m'masitolo mudaikidwa mabotolo oponyamo ndalama zowathandiza. Bwalo lidadzaza atolankhani ochokera kutali, makamera ali pakapinga pafupi ndi chiboliboli chija. Anthu akuda adawakhazika kumbuyo. Atolankhani akuda, monga Simeon Booker wa Jet, adawapatsa katebulo kapadera pambali, ndipo pomwepo ndi pamene padakhalanso Charles Diggs, phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko lonse wochokera ku Michigan. Mmawa uliwonse Strider ankapatsa moni tebulo limenelo ndi mawu otukwana. Mayi Mamie ndi anzawo sakadagona ku Sumner. Usiku ankabwerera ku Mound Bayou, tauni imene idakhazikitsidwa ndi akapolo omasulidwa mu 1887, kunyumba ya dokotala T. R. M. Howard, imene inkalonderedwa ndi mfuti. Mbali inayo, ana a Bryant ndi Milam ankasewera pamiyendo ya atate awo khoti lili mkati.

Pali kanthu kamodzi m'mlanduwu kamene kamandipweteka mwapadera, ndipo ndikhulupirira kuti aliyense woleredwa kuti wamkulu satchulidwa dzina adzakamva. Mwambo wa azungu a kumeneko unali wakuti munthu wakuda sapatsidwa ulemu wa bambo kapena mayi, ngakhale akhale ndi imvi. Maloya a ozengedwa mlandu ankaitana mayi wofedwayo ndi dzina lake loyamba, ngati akuitana mwana wotumidwa kuchitsime. Nkhalamba ya zaka 64, mlaliki wa mpingo, inkangotchedwa Mose. Ngakhale loya wa boma, Gerald Chatham, amene adaugwira mlanduwo ndi mtima wonse, ulemu umene adatha kufikapo unali kumutcha amalume, mawu amene azungu ankagwiritsa ntchito pozemba kunena kuti bambo. M'chipinda chotere ndi mmene a Wright adaitanidwa pa 21 Seputembala.

Akazi awo anali atathawira kale ku Chicago mwana atatengedwa. Iwo adatsala. Anthu adawauza kuti achoke, ndipo Milam mwini wake, usiku uja, adawafunsa zaka zawo n'kuwachenjeza kuti akalankhula sadzafika chaka chotsatira. Loya atawafunsa ngati munthu amene adabwera ndi mfuti ali m'chipindamo, a Wright adanyamuka pampando, natambasula dzanja, naloza Milam, nati ndi uyo. Kenaka adalozanso Bryant. Wojambula Ernest Withers adatola chithunzi mobisa, pakuti jaji anali ataletsa makamera: nkhalamba yaifupi, yowonda, yovala malaya oyera ndi tayi, mkono uli nji. Ku Mississippi wa masiku amenewo, munthu wakuda kuimirira pagulu n'kuneneza mzungu za imfa kunali kudzikumbira manda. Maloya a mbali inayo adawapanikiza, akukweza mawu, koma iwo sadasinthe ndi liwu limodzi lomwe.

Sadali okha. Atolankhani akuda pamodzi ndi anthu a Dr. Howard adayendayenda usiku m'minda ya thonje kufunafuna mboni, ndipo adapeza Willie Reed, mnyamata wa zaka 18. Iye adauza khoti, ndi mawu otsika moti jaji ankachita kumuuza kuti akweze, kuti mmawa wa tsiku limene mwanayo adatengedwa adaona galimoto itanyamula azungu kutsogolo ndi anthu akuda kumbuyo ikulowa pafamu ina pafupi ndi Drew, ndipo adamva munthu akumenyedwa ndi kulira m'shedi, naona Milam akutulukamo mfuti ili m'chiuno kukamwa madzi pachitsime. Mayi Mamie nawo adafotokoza mmene adazindikirira mwana wawo, chiwalo ndi chiwalo, monga mayi yekha angathere. Pachala cha mtembowo padali mphete ya malemu bambo ake, yolembedwa zilembo L. T.

Apa ndi pamene mkulu wa apolisi adachita chinthu chovuta kuchikhulupirira. Strider, amene udindo wake unali kufufuza imfayi, adaperekera umboni ozengedwa mlandu. Adati mtembowo unali utakhala m'madzi masiku oposa 10, ndipo sukadatheka kuzindikirika, ngakhale kudziwa ngati unali wa mzungu kapena wakuda. Maloya adakuza nkhaniyo nati mwina mnyamatayo ali moyo kwinakwake, ndipo mtembo udachita kuponyedwa mumtsinje ndi anthu ofuna kuipitsa dzina la Mississippi. Jaji Curtis Swango, amene ngakhale atolankhani akuda adamuyamikira kuti adayendetsa mlandu mosakondera, adakana kuti jury imve umboni wa Carolyn Bryant, koma m'tauni yochepa chotere panalibe amene sadaumve. Lachisanu pa 23 Seputembala amuna 12 aja, onse azungu, adatuluka kukakambirana, nabwerera patatha mphindi 67 n'kunena kuti awiriwo alibe mlandu. Mmodzi mwa iwo adauza mtolankhani kuti akadafulumira kuposa apo pakadapanda kuima kuti amwe zoziziritsa kukhosi. Bryant ndi Milam adayatsa ndudu zazikulu, napsompsona akazi awo pamaso pa makamera.

Mu Novembala, ku Greenwood, mlandu wakuba munthu udakanidwa usanayambe n'komwe, ngakhale awiriwo adavomera kwa apolisi kuti adamutengadi mwanayo. Podziwa kuti lamulo silola munthu kuzengedwa kawiri pamlandu umodzi, adafotokozera mtolankhani William Bradford Huie kuti adamupha, nalandira madola pafupifupi 4,000, ndipo magazini ya Look idasindikiza nkhaniyo mu Januwale 1956. Ndipo khoti la ku Sumner silidaphunzirepo kanthu msanga. Mu Disembala 1955 bambo Clinton Melton, wogwira ntchito pamalo omwetsera mafuta ku Glendora, adawomberedwa ndi mnzake wa Milam pankhani ya petulo, ndipo mu Malichi 1956, m'chipinda chomwechi, womuwomberayo adamasulidwa. Atolankhani a kutali sadabwerenso.

Kunja kwa Mississippi nkhaniyi idayaka ngati moto wa lupsa. Pa 27 Novembala 1955 Dr. Howard adakaikamba m'tchalitchi cha mbusa wachinyamata Martin Luther King ku Montgomery, mayi Rosa Parks ali pomwepo, ndipo patatha masiku anayi mayiwo adakana kusiyira mzungu mpando m'basi. Koma ku Sumner kwenikweniko kudagwa chete wa zaka 50. Azungu sankafuna kuikumbuka, akuda ankaopa kuitchula, ndipo ana ankakula osadziwa chimene chidachitika pamwamba pa ofesi yokhomera msonkho. M'zaka za m'ma 1970 chipindacho adachikonza mwamakono mpaka chidasiya kufanana ndi cha pazithunzi. Makina adalanda ntchito ya manja m'minda ya thonje, anthu adasamuka, masitolo a pabwalo adatseka limodzi ndi limodzi, ndipo Tallahatchie lidatsala m'gulu la maboma osaukitsitsa m'dzikolo. Milam adamwalira mu 1980, Bryant mu 1994, osalowapo m'ndende chifukwa cha imfayi. Mayi Mamie adamwalira mu Januwale 2003, ataphunzitsa ana asukulu ku Chicago zaka zambiri.

Akuluakulu adati mlandu suola. Mu 2004 boma lalikulu lidatsegulanso kafukufuku, ndipo mu 2005 mtembo udafukulidwa n'kupimidwa. Zotsatira zake zidatsimikiza kuti anali Emmett Till, zaka 50 chinenereni Strider bodza lake polumbira. Palibe adamangidwa, koma ku Tallahatchie kunali kutasintha chinthu chimodzi chachikulu: kuyambira pa lamulo la voti la 1965 anthu akuda adalowa m'kaundula, ndipo mmodzi mwa iwo, bambo Jerome Little, adafika pokhala wapampando wa khonsolo ya bomalo. Iwo ndiwo adasonkhanitsa akuda ndi azungu m'komiti yokumbukira Emmett Till mu 2006. Zokambirana sizidali zophweka. Ena mwa azungu adalowamo makamaka pofuna ndalama zopulumutsira nyumba ya khoti imene inali ikugumuka, pakuti Sumner popanda khoti ndiye kuti yatha. Ine sindiona cholakwa pamenepo, chifukwa a Little ndi anzawo adaumirira kuti njerwa zisakonzedwe mawu asanakonzedwe. Pa 2 Okutobala 2007, pabwalo lomweli, pamaso pa abale a Emmett amene adachokera ku Chicago, anthu a m'bomalo adawerenga chikalata chovomera kuti chilungamo chidapotozedwa ndi chopepesa kubanjalo. Kupepesa kochedwa zaka 52 sikudzutsa wakufa, ndipo mayi amene kunkayenera kuwafika anali atagona kale. Komabe kudanenedwa poyera, pamalo pamene padachitikira cholakwacho, monga mlandu umayenera kuthera.

Kuyambira pamenepo pabwalo pali chikwangwani chofotokoza za mlanduwo, mbali ina ya khomo, chiboliboli cha 1913 chili mbali inayo, chikadali chilili. Sikuti onse adagwirizana nazo. Chikwangwani chimene komitiyo idaika kumtsinje, pa Graball Landing, chidabedwa; cholowa m'malo mwake chidabooledwa ndi zipolopolo zoposa 300; chachitatu chidawomberedwanso, ndipo mu 2019 padatuluka chithunzi cha ophunzira atatu a payunivesite ataima pambali pake ndi mfuti, akumwetulira. Chachinayi, cha mu Okutobala 2019, n'chachitsulo chosalowa chipolopolo. Pa 25 Julayi 2023, tsiku limene Emmett akadakwanitsa zaka 82, pulezidenti Joe Biden adasaina chikalata choika khoti la ku Sumner, doko la Graball Landing ndi tchalitchi cha Roberts Temple m'manja mwa dziko lonse ngati malo a chikumbutso. Pambali pake padaima mbusa Wheeler Parker, msuweni uja amene adamva mapazi a Milam m'nyumba usiku umenewo ali ndi zaka 16.

Tsidya la msewu, m'sitolo ina yakale, muli Emmett Till Interpretive Center, ndipo antchito ake ndiwo amaperekeza alendo kuchipinda cha pamwamba, chimene chidabwezeretsedwa mu 2015 kuti chioneke monga chidalili mu 1955. Milandu ikuzengedwabe mmenemo, choncho tsiku lina mungapeze khomo lotseka chifukwa khoti lakhala. Mukalowa, choyamba kudabwitsa ndi kuchepa kwake. Mawindo ndi aatali, mipando ndi yamatabwa, ndipo kuchokera pamene pamakhala mboni kufika pamene padakhala Milam ndi mapazi owerengeka chabe, poti munthu amamva kupuma kwa mnzake.

A Wright adatsika makwerero amenewa n'kubwerera kumunda kwawo, pakuti thonje linali litacha ndipo ankafuna kulitola. Usiku wina chigamulo chitangoperekedwa tulo tidawathawa, ndipo adatenga galimoto n'kukagona m'menemo kumanda a pafupi ndi tchalitchi chawo. Kutacha mnansi adawauza kuti azungu adazungulira nyumba yawo ndi matochi. Adagulitsa zimene zikadagulika, nasiya thonje m'munda, natenga ana awo aamuna atatu kukakwera sitima ya ku Chicago. Mu Novembala adabwereranso, iwo ndi Willie Reed, kudzapereka umboni ku Greenwood, akudziwa bwino lomwe mmene zidathera ku Sumner. Reed adasintha dzina n'kukhala Willie Louis, nagwira ntchito m'chipatala ku Chicago zaka zambiri osauza anthu kuti iye ndani. A Wright, amene moyo wawo wonse ankadziwa khasu ndi guwa, adakalamba akugwira ntchito yosesa ndi yotsuka mbale, ndipo adamwalira ku Illinois mu 1977.